Musanagulire mwana makina a magemu, yang'anani kaye nyumba yanu

Makolo ambiri akalowa m'sitolo kukagulira mwana makina osewerera magemu, amayamba ndi kufunsa kuti amphamvu kwambiri ndi ati. Wogulitsa amalikonda funso limeneli chifukwa yankho lake nthawi zonse ndi makina odula. Ine ndikuti funso limenelo likhale lomaliza. Makina abwino kwa mwana wanu ndi amene angagwire ntchito m'nyumba mwanu momwe muliri, ndi magetsi amene muli nawo, intaneti imene mungakwanitse, TV imene ili pabalaza, ndiponso chiwerengero cha ana amene adzalimbirane mphatsoyo. Makina apamwamba amene amangokhala m'kabati chifukwa palibe ndalama ya gemu yachiwiri amakhumudwitsa mwana kuposa akale amene akusewereka tsiku ndi tsiku.

Makampani akuluakulu opanga makinawa ndi atatu. Sony imapanga PlayStation, ndipo PlayStation 5 inatuluka mu November 2020, pamene mkulu wake PlayStation 4 ndi wa 2013. Microsoft imapanga Xbox, ndipo mitundu iwiri ya Series X ndi Series S inatulukanso mu November 2020. Nintendo imapanga Switch, imene inayamba kugulitsidwa mu March 2017, ndipo Switch 2 inabwera mu June 2025. Gemu ya makina a kampani ina siisewereka pa makina a kampani ina. Mukasankha makina, mwasankhiratu magemu amene mwanayo adzasewere kwa zaka zingapo.

Choncho yambani ndi kumufunsa mwanayo dzina la gemu imene akuifuna. Ngati mukufuna kuti mphatsoyo ikhale yomudzidzimutsa, tumani mkulu wake kapena msuweni wake akamufufuze mochenjera. Ana ambiri safuna makina enieniwo ayi, amafuna gemu imodzi imene anaiona kwa mnzawo. Ngati ndi Mario Kart, Zelda kapena Pokémon, nkhani yatha, chifukwa magemu amenewa amapezeka pa makina a Nintendo okha, pa PlayStation kapena Xbox kulibe. Ngati ndi mpira, uja anyamata amautchulabe kuti FIFA ngakhale unasintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC, muli ndi mwayi wosankha chifukwa umapezeka pa makina a makampani onse atatu. Minecraft nayo ili paliponse. Funsaninso kuti anzake apafupi ali ndi makina anji. Ana amabwerekana magemu, ndipo mwana amene ali ndi makina ofanana ndi a anzake amasewera magemu asanu inu mutagula imodzi.

Nkhani imene ndikufuna tikhalitsepo ndi ya chimbale. Makina a masiku ano alipo a mitundu iwiri: ena ali ndi polowetsa chimbale kapena kakhadi ka gemu, ena alibe. Xbox Series S ilibe polowetsa chimbale. PlayStation 5 ili ndi mtundu wotchedwa Digital Edition umene ulibenso. Makina opanda polowetsa chimbale ndiwo otsika mtengo, n'chifukwa chake amakopa kholo limene likuwerengera ndalama. Koma gemu iliyonse ya makina otere iyenera kugulidwa pa intaneti ndi kudawunilodidwa yonse, ndipo magemu akuluakulu a masiku ano amatenga 50 GB, ena kupitirira 100 GB. Tengani mtengo wa bandulo yanu ya mwezi muwerengere nokha kuti gemu imodzi yotere ingadye mabandulo angati. Kumayiko kumene intaneti ya m'nyumba ilibe malire, makina amenewa ndi abwino ndithu. Koma kunyumba kumene intaneti imachokera pa foni ya bambo, ndalama imene mwapulumutsa m'sitolo idzathera pa gemu yoyamba. Komanso gemu yogula pa intaneti simungaibwereke mnzanu ngati chimbale, simungaigulitse mwana akatopa nayo, simungaipeze ya kaunjika pa mtengo wotsika.

Ngakhale makina a chimbale amafunabe intaneti apa ndi apo. Xbox yatsopano siyamba kugwira ntchito musanailumikize pa intaneti tsiku loyamba. Pa PlayStation 5 yochepa thupi ija inatuluka mu 2023, polowetsa chimbale ndi chipangizo chochotseka, ndipo chimafuna intaneti kamodzi kuti chigwirizane ndi makinawo. Pa Switch 2 pali msampha wina: makhadi ena otchedwa game-key card amaoneka ngati gemu wamba m'kabokosi kake, koma m'kati mulibe gemu, muli chilolezo chokha choti mudawunilode. Zimenezi zimalembedwa kutsogolo kwa kabokosiko, ndiye werengani musanalipire. Langizo langa ndi lakuti makinawo muwatsegule inu nomwe masiku angapo tsiku la mphatso lisanafike, muwalumikize pamalo pamene pali intaneti yodalirika, adawunilode zonse zimene akufuna, kenaka muwabwezere m'bokosi. Palibe chowawa kwa mwana ngati kutsegula mphatso m'mawa wa Khirisimasi n'kukhala tsiku lonse akuyang'ana kamzere kakuyenda pang'onopang'ono pa TV.

Tibwere ku magetsi. PlayStation 5 ikamaseweredwa gemu yolemera imakoka magetsi okwana pafupifupi 200 W, osawerengera TV. Switch yoyamba ija sifika ngakhale 20 W, ndipo ili ndi batire ndi sikirini yakeyake. Ngati nyumba yanu imadalira sola ndi batire imodzi, kusiyana kumeneku ndi kwakukulu: makina oyambawo angakuthimitsireni mababu usiku usanathe, pamene enawo simungawamve n'komwe. Magetsi akathima mwadzidzidzi, PlayStation ndi Xbox zimazima pomwepo, ndipo kuzima kotere kukachuluka kumatha kuwononga zimene zasungidwa m'kati. Switch imangopitiriza pa batire. Mtundu wa Switch umene unakonzedwanso mu 2019 umakhala maola 4.5 mpaka 9 batire isanathe, malinga ndi gemu yake, pamene Switch 2 imakhala maola 2 mpaka 6.5. Makina alionse amene mungagule, muguliretu kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, konga kamene mumaika pa firiji kapena pa TV. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi chimene kakuteteza.

Yang'ananinso kumbuyo kwa TV yanu. Makina onsewa amalumikizidwa ndi chingwe cha HDMI. TV yakale ya chimsana ija, ya mabowo atatu ofiira, oyera ndi achikasu, siingalandire chingwe chimenechi popanda kabokosi kosinthira, ndipo chithunzi chake chimatuluka chosaoneka bwino moti timalemba ta m'gemu sitiwerengeka. Ndipo ngati TV m'nyumbamo ndi imodzi, ganizirani za madzulo pamene agogo akufuna nkhani, amayi akufuna sewero lawo, mwana ali pakati pa mpira. Apanso Switch imathandiza, chifukwa mwana amangoizula pa TV n'kukapitiriza m'manja.

Kwa mwana wosakwana zaka 12, ine ndingasankhe Switch popanda kukayika. Magemu ake ambiri anapangidwira banja, timakhadi take sitikandika ngati zimbale, ndipo timapadi tiwiri ta m'mbali mwake timachotseka n'kukhala ta anthu awiri, moti abale awiri angathamangitsane pa Mario Kart tsiku lomwelo popanda kugula china. Koma samalani ndi mitundu yake. Switch Lite ya 2019 ndi yotchipa, yopepuka, yokwana bwino m'manja mwa mwana wamng'ono, koma siilumikizika pa TV ngakhale mutagula chingwe chotani, ndipo mapadi ake sachotseka. Ndi ya mwana mmodzi. M'nyumba ya ana atatu, Lite imabweretsa ndewu. Pali vuto linanso lodziwika pa makina a Switch: timitengo toyendetsera tija timatha kuyamba kuyenda tokha munthu asanatikhudze. Pa Switch wamba mumangosintha kapadiko, koma pa Lite makina onse ayenera kupita kwa wokonza. Mtundu wa OLED wa 2021 uli ndi sikirini yokulirapo ndi yowala bwino, koma mphamvu zake n'zofanana ndi Switch wamba, ndiye ngati mwanayo azisewera kwambiri pa TV, ndalama yowonjezerayo ndi bwino igule gemu ina. Switch 2 imasewera magemu ambiri a Switch yakale, ndipo ndiyo idzakhale ndi magemu atsopano m'zaka zikubwerazi. Ngati thumba likulola, palibe cholakwika. Ngati silikulola, mwana wa zaka 8 sadzasowa chosewera pa Switch yakale.

Kwa mnyamata kapena mtsikana wa kusekondale amene mtima wake uli pa mpira, musanyoze PlayStation 4 yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndi yakale inde, koma mitundu yake yonse ili ndi polowetsa chimbale, zimbale zake n'zambiri m'manja mwa anthu, okonza ambiri amaidziwa, ndipo EA Sports FC 26 ya 2025 inatulukabe pa makina amenewa. Mukadzagula PlayStation 5 ya chimbale mtsogolo, zimbale zambiri za PlayStation 4 zidzaseweredwanso pamenepo. Dziwani chabe kuti magemu atsopano akuluakulu akuisiya pang'onopang'ono, ndiye musailipire mtengo woyandikira wa yatsopano.

Makina a kaunjika osagula muli chiimire. Pemphani wogulitsa awayatse pamaso panu, alowetse chimbale, musewere mphindi 20 kapena kuposerapo. Mvetserani phokoso: ngati chopemerera mphepo cha m'kati chikulira ngati chigayo, makinawo adzaza fumbi ndipo akutentha. Ikani padi pansi osaikhudza, muone ngati wosewera wa pa TV akuyenda yekha. Gwedezani pang'ono chingwe cha HDMI pamene chalowera, chithunzi chisaphethire. Onetsetsani kuti mwini wake wachotsamo akaunti yake, ndipo ngati n'kotheka, alumikizeni pa intaneti muone ngati kampani sinawatseke. Wogulitsa akanena kuti muli kale magemu ambirimbiri aulere, funsitsani. Kawirikawiri makina otere anathyoledwa kuti azisewera magemu okopera, ndipo sangapite pa intaneti bwinobwino. Kapena magemuwo ali pa akaunti ya munthu wina amene angasinthe nambala yachinsinsi mawa n'kukusiyani ndi makina opanda kanthu. Chenjeraninso ndi timabokosi totchipa tofanana maonekedwe ndi PlayStation, tolembedwa kuti muli magemu zikwizikwi. M'katimo mumakhala magemu akalekale obwerezabwereza. Mwana wa zaka zisanu angasangalale nato, koma amene anapempha mpira wa chaka chino adzazindikira mphindi yoyamba.

Mabanja ambiri mphatso yotereyi imachokera kwa malume amene ali ku Johannesburg kapena azakhali a ku London. Auzeni asanagule kuti kuno mukufuna makina a chimbale, ndipo abweretse padi yachiwiri ndi gemu imodzi kapena ziwiri. Pulagi ya ku Britain imalowa m'masoketi a ku Malawi popanda vuto, koma ya ku South Africa imafuna adaputa. Ngati makinawo achokera ku America kumene magetsi ndi 120 V, werengani zolembedwa pa makinawo kapena pa chaja muone ngati akulandira mpaka 240 V musanawalowetse, chifukwa magetsi athu ndi 230 V. Pa nkhani ya akaunti, Malawi palibe pa mndandanda wa mayiko amene PlayStation imalola potsegula akaunti, pamene South Africa ndi Britain zilipo. Dziko limene mwasankha silisinthikanso, ndipo makhadi oikira ndalama mu akaunti amagwira ntchito pokhapokha ngati ali a dziko lomwelo. Gwirizanani ndi wachibale amene azikugulirani makhadiwo musanatsegule akaunti.

Pa kabokosi ka gemu iliyonse pamakhala chizindikiro cha msinkhu. Magemu ochokera ku Ulaya amakhala ndi nambala ya PEGI: 3, 7, 12, 16 kapena 18. A ku America amakhala ndi zilembo, E ya aliyense, T ya achinyamata, M ya azaka 17 kupita m'tsogolo. Nambala imeneyi siinena za kuvuta kwa gemu, imanena za zimene zili m'katimo. Grand Theft Auto V ili ndi 18 chifukwa muli kuphana, kutukwana ndi zachigololo, ndipo mwana wa zaka 10 akakuuzani kuti ndi gemu ya magalimoto chabe, musavomere. Makina onse atatu ali ndi njira yoti kholo litsekere magemu a akuluakulu, liike malire a nthawi yosewera patsiku, ndiponso liletse kucheza ndi anthu osawadziwa pa intaneti. Akaunti yaikulu ikhale yanu, mwana akhale ndi yakeyake pansi pa yanuyo. Khadi lanu la kubanki musalisiye losungidwa m'makina, chifukwa magemu ngati Fortnite ndi mpira uja amagulitsa zinthu m'kati mwa gemu ndi ndalama zenizeni, ndipo kwa mwana kudina batani sikumveka ngati kuwononga ndalama. Kumbukiraninso kuti kusewera ndi anzake pa intaneti, pa magemu ambiri ogula, kumafuna kulipira pamwezi kapena pachaka, kaya ndi PlayStation Plus, Nintendo Switch Online kapena Game Pass.

Makinawo akafika, apezereni malo otseguka pamene mphepo ikudutsa, pamwamba osati pansi pa fumbi. Kansalu koluka kamene timakonda kuyala pa TV ndi pa wailesi kasaikidwe pa makinawa ali oyaka, chifukwa kamatseka timabowo topumira. M'nyumba mukakhala mphemvu, dziwani kuti zimakonda kufunda kwa m'kati mwa PlayStation ndipo zimawotchetsa mbali yolandira magetsi, ndiye zakudya zikhale kutali ndipo timabowoto muzitipukuta ndi kaburashi kouma kamodzi pa mwezi. Malamulo a nthawi yosewera mugwirizane tsiku lomwe mukupereka mphatsoyo, ana onse a m'nyumbamo alipo: homuweki ithe kaye, asewera mpaka nthawi yanji, ndipo padi izisinthana bwanji kuti wamng'ono ndi mlongo wake nawonso azigwirako.