Kuwerenga Mbiri Yosungidwa m'Dothi

Colinga

Ana ambiri amaganiza kuti mbiri ya kwao inayamba pamene mabuku anafika. Phunziro ili likuthandizani, inu mphunzitsi, kuwaonetsa kuti dothi nalonso limasunga mbiri, ndi kuti mbiriyo ingawerengedwe.

Phanga la Kalemba

M'boma la Chadiza muli phanga la Kalemba. Akuluakulu amasimba kuti anthu anali kubisalamo pa nthawi ya nkhondo za Angoni. Koma pamene D. W. Phillipson anafukula m'phangamo mu 1971, anapeza kuti anthu anayamba kukhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Pansi penipeni panali zida zamiyala zokulirapo. Pamwamba pake panali timiyala tating'ono takuthwa. Ndipo cakumtunda kunali mapale. Motero tiona m'mene luso la anthu linasinthira.

Kodi akatswiri amadziwa bwanji zimenezi? Coyamba, amatsata lamulo limene mwana aliyense angalione pa dzala: cimene cili pansi ndico cinatayidwa poyamba. Caciwiri, amapima kaboni-14 wotsala m'makala ndi m'mafupa, popeza theka lake limatha pa zaka 5,730 zilizonse. Njira zomwezi zinaonetsa kuti ku Jericho, ku Palestine, anthu anali atamanga kale mudzi zaka 10,000 zapitazo.

Kaphunzitsidwe

1. Yambani ndi funso ili: "Tikakumba dzala la kwanu, tidzapeza ciani pamwamba, nanga pansi?"
2. Sanjikizani mcenga, phulusa ndi dothi m'botolo loonekera, ndi kuikamo mwala, phale ndi msomali. Ana anene cimene cinayamba kugwa.
3. Lembani pa bolodi mau awa: fukula, phale, phanga, sanjikiza. Ana apange ziganizo.
4. Ana afunse akuluakulu za phanga kapena phiri la kwao, kenaka alembe cimangirizo cosiyanitsa zimene anamva ndi zimene dothi lingatsimikize.

Cenjezo

Musalole ana kukumba m'mapanga kapena kulemba pa zojambula za pa matanthwe. Dothi likasokonezedwa, palibenso angadziwe cimene cinali pansi ndi cimene cinali pamwamba, ndipo mbiriyo yatayika. Mwana akatola cinthu cakale, lembani pamene wacitola, ndipo dziwitsani mfumu ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission.