Zipatso za pakhomo ndi kusamala nyumba m'nyengo ya dzinja

Alimi anzanga a ku Tsangano ndi ku Macanga, kuyambira ku Ntengo-wa-Mbalame mpaka ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo,  lero sitipita kumunda. Tikhala pakhomo, pansi pa mtengo wa mapichesi kapena wa mango umene uli kuseri kwa khitchini.

Mvula ikangogwa, mtima wonse umathamangira ku chimanga, ku mbatata ya kachewere ndi ku fodya. Timalawira mbandakucha, n'kubwera dzuwa litapendeka, thupi lili lefu. Pakhomo pamatsala ana ndi nkhuku. Komatu miyezi yomweyi, kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndi imene zipatso zikupsa, makoma akunyowa, udzudzu ukuswana. Choncho ndikupempha kuti tiike maso pa zinthu ziwiri: chipatso chimene chagwa pansi, ndi kumene madzi a mvula akulowera. Wosamala ziwirizi wapulumutsa zipatso zake ndi nyumba yake yomwe.

Tiyambe ndi chipatso chakugwa. Mwathyola pichesi looneka bwino, mwalibenthula, mkati muli mphutsi zoyera zikuyendayenda. Ena amati ndi mvula yaoletsa, ena amati mtengowo wakalamba. Ayi, mwini mlandu ndi ntchentche ya zipatso. Yaikazi imaboola khungu la chipatso chimene chayamba kupsa, n'kuikiramo mazira. Mukayang'anitsitsa mudzaona kadontho kakuda, ndipo mukadina ndi chala pamakhala pofewa. Mazirawo amaswa mphutsi, mphutsi zimadya mkati, chipatso chimagwa. Zikatero mphutsi zimatuluka n'kulowa m'dothi, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri zimatuluka zili ntchentche, kukwereranso mumtengo womwewo. Mtundu woononga kwambiri wa ntchentchezi, wochokera ku Asia, unapezeka koyamba m'dziko lathu la Mozambique mu 2007 ku Cuamba, m'chigawo cha Niassa, ndipo susankha: mango, magwafa, malalanje, mapichesi, zonse umalowa.

Ndiye mukuona, abale anga, kuti chipatso chosiyidwa pansi ndicho chimalera mdani. Mankhwala ake oyamba sagula kusitolo. Tolani zipatso zonse zakugwa tsiku ndi tsiku, kapena masiku awiri asanadutse. Kumbani dzenje lakuya kupitirira theka la mita, ziponyeni mmenemo, mukwirire ndi kupondaponda. Mukangofotsera pamwamba, ntchentche zimatuluka ndithu. Njira ina, ziikeni m'thumba lakuda la pulasitiki losabooka, mumange zolimba, musiye padzuwa kwa sabata yathunthu kuti mphutsi zife. Nkhumba nazo zingadye zipatsozi tsiku lomwe zagwa. Ngati mtengo ndi waufupi, zipatso zimene mukufuna kukagulitsa zivekeni timatumba ta pepala zisanayambe kupsa. Ndipo uzanani ndi oyandikana nawo, chifukwa ntchentche sidziwa malire a khomo. Inu mukatola, mnzanu akasiya, mwagwira ntchito ya theka.

Apa ndichenjeze mwamphamvu, makamaka abale a ku Macanga amene muli ndi mankhwala a fodya m'nyumba, ndi a ku Tsangano amene mumapopera mbatata. Musatenge otsala m'mpope kukapopera mtengo wa zipatso. Mwana safunsa kuti munapopera liti. Akaona bango lofiira amangothyola n'kuluma. Mankhwala aliwonse ali ndi mbewu yake ndi masiku ake odikira musanakolole. Funsani alangizi ku ofesi ya SDAE ya m'boma lanu musanapopere chilichonse. Mabotolo ndi zigubu za mankhwala musasungiremo madzi, mchere kapena mafuta ophikira.

Tsopano za madzi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo ife a kumapiri kuno mvula timalandira yambiri. Sitinaiwale namondwe Ana wa mu Januwale 2022, amene anaononga mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè ndi kugwetsa nyumba zambiri m'chigawo chathu cha Tete. Koma nyumba zambiri sizigwa ndi namondwe. Zimagwa pang'onopang'ono ndi madzi odontha kudenga amene amakumba m'munsi mwa khoma. Mvula ikamagwa, tulukani mufunde thumba, muzungulire nyumba, muone kumene madzi akuima. Kwezani khonde ndi dothi, mulizire bwino. Kumbani ngalande yozungulira nyumba, yotsetsereka pang'ono, ndipo muilozetse ku nthochi kapena ku mitengo ya zipatso, osati kunjira kapena kukhomo kwa mnzanu. Madzi omwe akanagwetsa khoma akadyetse mtengo. Komabe asaime patsinde. Papaya ndi peyala zimaola mizu msanga zikakhala m'madzi, choncho ziwirizi zibzalidwe pamalo okwera.

Denga likayamba kudontha, musadikire chilimwe. Sokerani udzu kapena khomani lata lomwe lakweteka lero lomwe. Nthambi yaikulu imene yaweramira padenga iduleni isanathyoke ndi mphepo. Zitini, mapale, matayala akale ndi maenje amene munaumbira njerwa, zonsezi zimasunga madzi oswera udzudzu. Vundikirani, kwirirani, ndipo banja lonse ligone m'neti. Chimbudzi chikhale ndi denga ndi chivundikiro, chitalikirane ndi chitsime mamita 30 kapena kuposa, ndipo chikhale kumunsi kwake. Nthawi ya mango ndi nthawinso ya kutsegula m'mimba ndi kolera. Mango salakwa, cholakwa ndi manja osasamba, ntchentche za kuchimbudzi ndi madzi akuda. Tsukani zipatso ndi madzi abwino musanapatse mwana, madzi akumwa muwiritse kapena muthiremo mankhwala a Certeza, mbale ziume pathandala.

Dzinja ndi nthawinso yabwino yobzala mitengo yatsopano, mvula ikakhazikika. Kumbani dzenje la masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya komwe. Dothi lapamwamba liikeni padera, musakanize ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owola bwino, ndipo ndilo liyambe kubwerera m'dzenje. Ngati mwapeza mbande yomezanitsa, ya mango, peyala kapena lalanje, imabereka msanga kuposa yochokera kunjere; pobzala onetsetsani kuti pamene anamezanitsa patsale pamwamba pa dothi, ndipo mphukira zotuluka m'munsi mwake muzizichotsa. Mango ndi mapeyala zitalikirane mamita 8 mpaka 10, ndipo zitalikire nyumba chimodzimodzi. Mapichesi, amene amakonda kuzizira kwa kumapiri a Tsangano, mamita 5 akwana. Mapapaya ndi nthochi, mamita 3. Phimbirani patsinde ndi udzu wouma, koma musiye mpata wa chikhatho pakati pa udzu ndi thunthu, kuopa chiswe. Tchingani ndi minga kapena timitengo, chifukwa mbuzi imamaliza m'kanthawi kochepa mtengo umene mwausamala chaka chonse.

Pa phata la nthochi pakhale zitatu zokha: mayi amene ali ndi mkoko, mwana, ndi mdzukulu. Ana ena onse achotseni, apo ayi mikoko imachepa. Ana obzala atengeni pa nthochi zathanzi zimene mukuzidziwa. Mukaona nthochi yopinimbira, masamba ake ang'onoang'ono ataima bwerekete pamwamba, imeneyo ingakhale ndi matenda a chisaka. Musagawire wina ana ake, ndipo dziwitsani alangizi msanga. Mapichesi musawadulire kwambiri m'dzinja. Dikirani Juni kapena Julayi atayoyola masamba, mutsegule pakati pa mtengo kuti dzuwa ndi mphepo zizilowa.

Inu amene mumapita ndi zipatso kumsika, ku Ulónguè, ku Furancungo kapena kutsidya ku Tsangano Turn-off, thyolani ndi manja m'mawa, osagwedeza mtengo kapena kugenda. Ikani m'dengu loyalamo udzu, osati kupanikiza m'thumba la feteleza, ndipo chipatso choboola chisasakanikirane ndi chabwino. Koma musagulitse zonse. Papaya ndi mango akupsa ali ndi vitamini A amene amathandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, gwafa ndi lalanje zili ndi vitamini C, peyala lili ndi mafuta abwino oti mungaphwanyire m'phala la mwana. Ana anu ayambe kudya, msika ulandire zotsala.

Ntchitoyi isagwere amayi okha. Abambo, khasu la ngalande, dzenje ndi denga zikudikira inu. Ana atole zipatso zakugwa akaweruka kusukulu, akamaliza asambe m'manja ndi sopo kapena phulusa. Sabata ino chitani zitatu izi: kumbani dzenje lokwirira zipatso zakugwa, tsegulani ngalande yozungulira nyumba, ndipo bzalani mtengo umodzi wa zipatso pamalo oyenera. Pamene pakukuvutani, pitani kwa alangizi a m'dera lanu, mutenge chipatso kapena tsamba lodwalalo akalione ndi maso.