Kufunafuna tapu ndi dayi za mazinga osowa

Mwana wanga, tiyambe ndi zida ziwirizi. Tapu ndi kachitsulo kolimba kodulira mazinga mkati mwa bowo, ngati a mu nati. Dayi imadula mazinga kunja kwa chitsulo, ngati a pa bawuti. Tapu mkati, dayi kunja.

Mazinga oyezedwa m'mainchesi amadziwika ndi zinthu zitatu: kunenepa kwa bawuti, kuchuluka kwa mazinga pa inchi imodzi, komwe amisiri amati TPI, ndi ngodya ya zingalo, ndiko kupendekeka kwa mbali zake ziwiri. Joseph Whitworth wa ku England adakhazikitsa ngodya ya madigiri 55 mu 1841, pomwe ku America adatsata 60. N'chifukwa chake bawuti ziwiri za theka la inchi zimatha kukanana: ya Whitworth ili ndi mazinga 12, ya UNC ya ku America ili ndi 13. Nati ya bawuti imodzi imayamba kulowa bwinobwino pa inzake, kenaka imagwira. Ukaikakamiza ndi sipanala, mazinga atha.

Tsono makampani ena sadatsate miyeso imeneyi. Njinga zakale za Raleigh zopangidwa ku Nottingham zili ndi mazinga 26 pomwe pamadutsa chitsulo cha mapedulo, pamene njinga zina za ku Britain zili ndi 24. Pa makina a Singer, omwe atelala amasokera pakhonde, pali tisikuluwu ta 9/64 ya inchi ta mazinga 40. Tapu yotere m'sitolo wamba ya zitsulo siipezeka. Mumadzaza za mamilimita ndi za mapaipi a madzi.

Choncho usanapite kukasaka, yeza. Kunenepa uyeze ndi vernier, chida choyezera chokhala ndi nsagwada ziwiri. Mazinga uwerenge ndi geji, timasamba tachitsulo ta mano ngati a sowo. Gunditsa tsamba pa sikuluwu, uyang'ane poyera: kuwala kukadutsa pakati, si limenelo. Yezanso kachiwiri, pakuti kasikuluwu kakang'ono kamanamiza maso.

Ukapeza manambala ako, yamba wafunsa okonza makina osokera kapena njinga, chifukwa ambiri amasunga zida zomwe adasiyiridwa ndi aphunzitsi awo. Zikavuta, itanitsa kwa ogulitsa zida za mazinga osowa, monga Tracy Tools ku Devon. Lemba zonse: 9/64, mazinga 40, ndiponso ngati amamangira kumanja kapena kumanzere. Pedulo ya kumanzere, paja, imamangira kumanzere.

Ngati ukungofuna kutsuka mazinga akale, pala timizere titatu m'litali mwa sikuluwu ina yofanana nayo, uidonthezere oyilo, uilowetse pang'onopang'ono ukubwerera m'mbuyo. Kuboola bowo lalikulu kuti ulowetse bawuti ya mamilimita ndi njira yomaliza, pakuti mmisiri wodzabwera pambuyo pako adzabwera ndi sikuluwu ya Singer, ndipo siidzagwiranso.