KUBWERERA KU MPIKISANO WA LIWIRO MUNTHU ATACHIRA

Dera la Kasungu ndi labwino kwa othamanga mtunda wautali. Dziko lake ndi lathyathyathya, ndipo misewu ya fumbi yodutsa m'minda ya fodya ku Santhe, ku Chamama ndi ku Mtunthama siipweteka maondo monga umachitira msewu wa phula wa M1. Vuto lagona pa nyengo. Malungo amachuluka kuyambira Januwale kufikira Epulo, nthawi yomwe anthu ali pakalikiliki kuthyola ndi kusoka fodya. Tsono mnyamata amene anagonekedwa m'chipatala mu Malichi amafunitsitsa kuti pofika nyengo yozizira akhale atakonzeka kukapikisana, monga pa liwiro la makilomita 21 la Be More Race limene linayambika ku Lilongwe mu chaka cha 2017. Kodi munthu wotere ayambenso liti kuthamanga, ndipo ayambe motani?

Othamanga ambiri amakonda kutchula Abebe Bikila wa ku Ethiopia. Mkuluyu anachitidwa opaleshoni ya apendikisi mu Seputembala 1964, ndipo pasanathe masabata asanu ndi limodzi, pa 21 Okutobala, anapambana liwiro la makilomita 42 pa masewera a Olympic ku Tokyo, atathamanga maola 2, mphindi 12 ndi masekondi 11. Nkhaniyi ndi yoona. Koma Bikila anali msilikali wokhwima amene anali atapambana kale liwiro lomweli ku Rome mu 1960, ndipo nthenda yake siinali yowononga magazi. Mlimi wa ku Chulu amene wangochira malungo asadzifanizire ndi iye.

Chofunika kumvetsa nchakuti kuchira kuli pawiri. Kutentha thupi ndi litsipa zimatha msanga, kawirikawiri munthu asanatsirize nkomwe mankhwala a LA, amene boma linayamba kupereka mu 2007 ndipo amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Koma magazi amachira pang'onopang'ono. Tizilombo ta malungo timalowa m'maselo ofiira a magazi ndi kuwaswa. Maselo amenewa ndiwo amanyamula mpweya kuchokera m'mapapo kupita ku minofu. Pamene achepa, mtima umayenera kugunda mofulumira kuti magazi ochepawo azungulire thupi lonse. Munthu wokhala pakhonde sazindikira kanthu. Wothamanga amazindikira pa kilomita yachitatu: phuma, chizungulire, miyendo kulemera ngati wamangiriridwa miyala. Ena amayesa ndi ulesi nadzikakamiza, ndipo apa ndi pamene anthu amakomokera pamsewu. Kuti maselo otayikawo abwerere pamafunika masabata angapo, nthawi zina miyezi.

Motero ulendo woyamba wa wothamanga usakhale wa kumsewu koma wa kuchipatala, kukayezetsa kuchuluka kwa magazi. Mwamuna amene muyezo wake uli pansi pa 13, kapena mkazi amene uli pansi pa 12, ali ndi magazi osakwanira. Amene anadwala malungo aakulu nalandira jekeseni ya artesunate ayenera kusamala koposa, chifukwa mwa anthu ena magazi amatsikanso patapita sabata imodzi mpaka masabata atatu, munthu ali kale kunyumba. Dotolo apapasenso kumanzere kwa mimba, m'munsi mwa nthiti, kumene kuli kapamba. Kapamba wotupa ndi malungo angathe kung'ambika munthu akagwa kapena akagundidwa, ndipo magazi amatayikira m'kati mosaoneka.

Magazi amabwerera ndi chakudya. Usipa, matemba, chiwindi, mazira, nyemba, soya, mtedza, bonongwe, chisoso ndi nkhwani zonse zimathandiza, makamaka munthu akamadyanso magwafa, malalanje kapena malambe. Tiyi asamwedwe pamodzi ndi nsima, pakuti amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'chakudya. Mapiritsi owonjezera magazi amadetsa chimbudzi. Ichi si chifukwa chowalekera. Ngati magazi sakukwera, pangakhale mbala ina: njoka za m'mimba zimene zimalowera kumapazi kwa wothamanga wopanda nsapato, kapena likodzo la kumadambo. Zonse ziwiri zili ndi mankhwala ake.

Pali chinanso chimene anthu a m'madera a fodya sachilabadira. Tsamba laliwisi lonyowa ndi mame kapena mvula limatulutsa chikonga chimene chimalowa m'thupi kudzera pakhungu. Wothyola fodya m'mamawa, malaya atanyowa, amayamba mseru, mutu, chizungulire ndi kufooka, ndipo mtima sugunda monga mwa masiku onse. Zizindikirozi zimafanana ndi za malungo, kotero kuti wina amaganiza kuti nthenda yabwerera, pomwe wina amene malungo amubwereradi amati ndi fodya chabe. Chothetsa mkangano ndi kuyezetsa magazi. Wochira apewe fodya wonyowa, ndipo ngati nkosatheka, asambe ndi sopo ndi kusintha zovala akangotuluka m'munda. Tsiku lomwe wakhala m'munda kapena m'chigafa kuyambira mbandakucha liwerengedwe ngati tsiku la ntchito yolemetsa. Asawonjezerepo liwiro madzulo ake.

Dotolo akavomereza, sabata yoyamba ikhale yoyenda ndawala kwa theka la ola. Sabata yachiwiri asakanize kuyenda ndi kuthamanga pang'ono, pa liwiro loti angathe kucheza ndi mnzake osabanika. Kenaka awonjezere mtunda pang'onopang'ono, napumula tsiku limodzi pakati. Kuthamangitsana ndi anzake ndi kukwera phiri la Kasungu kubwere pomaliza. Chida chabwino choyezera ndi wotchi: m'mawa uliwonse asanadzuke, awerenge kugunda kwa mtima pa mkono, m'munsi mwa chala chachikulu, kwa mphindi yathunthu, nalembe m'kope. Tsiku limene chiwerengero chakwera ndi 10 kuposa masiku onse, apumule. Thupi likatentha, ngakhale ndi chimfine, asathamange konse, chifukwa matenda ena otentha thupi amagwiranso mnofu wa mtima.

Amene anachitidwa opaleshoni ya pamimba adziwe kuti khungu limapola msanga kuposa minofu ya m'kati. Kuchotsa ulusi si chilolezo chothamangira kapena chonyamulira mabelo. Tsiku loyambira alitchule ndi dotolo amene anamuchita opaleshoniyo. Wodwala chifuwa chachikulu cha TB amamwa mankhwala kwa miyezi 6, ndipo sayenera kuwadukiza chifukwa cha ulendo wa ku mpikisano.

Pomaliza pali chizolowezi choipa chomwera mapiritsi opha ululu, monga Brufen, liwiro lisanayambe. Mapiritsiwa amabisa ululu umene ukanachenjeza munthu, ndipo thupi likachepa madzi amavulaza impso, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Wothamanga amene wamva kupweteka pachifuwa, wakomoka, watupa mapazi, kapena waona mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, aleke pomwepo ndipo atengeredwe kuchipatala tsiku lomwelo, atanyamula buku lake la kuchipatala kuti amene amuone adziwe nthenda imene anadwala ndi mankhwala amene analandira.