Phunziro la Cingelezi: Mau a Kuthandiza ndi a Kukondweretsa Anthu

Mwezi uno tifuna kukamba za mau ena a Cingelezi amene apunthwitsa ambiri a ife, makamaka iwo amene alembera anzao makalata a umboni pofuna nchito. Tayamba kulingalira za mauwa cifukwa ca kalata imodzi imene tinaiona ndi maso athu. Mphunzitsi wina wa ku midzi, munthu wokoma mtima ndithu, analembera mnyamata wace kalata yoti akaonetse kwa mwini nchito ku tauni. Pofuna kumtama kuti ali wacangu pothandiza anthu, analemba kuti mnyamatayo ndi "officious." Iye anayesa kuti liulo ndi la ulemu, popeza limveka ngati "office," ndipo anthu a m'maofesi ndiwo obvala bwino. Mwai wace mnyamatayo anayamba wationetsa kalatayo asanakwere basi. Akadapita nayo akadabwerako cimanjamanja, osadziwa cimene camgwetsa. Pakuti "officious" ndiye munthu wolowerera za eni ace, wothandiza pamene sanamuitane, ndi wolamula pamene sanampatse ulamuliro.

Koma tisafulumire kumseka mphunzitsiyo, pakuti akadalemba comweco zaka 300 zapitazo sakadalakwa konse. Liuli licokera ku Cilatini, kumene linanena za munthu wocita mangawa ace kwa anzace mokoma mtima. Pamene Samuel Johnson anasindikiza buku lace lomasulira mau a Cingelezi ku London m'caka ca 1755, anaika matanthauzo onse awiri, la kukoma mtima ndi la kulowerera. Lero lokomalo linafa, latsala loipa lokha. Tsono tiyeni tione mau enawo, tiyambire pa oyera, titsikire kwa odetsedwa.

Liu loyera koposa onse ndilo "helpful." Muzu wace, "help," ndi wa makolo a Angelezi eni ace, anali nao kale lomwe, asanafike William wa ku Normandy ndi nkhondo yace m'caka ca 1066, imene inatsegulira khomo mau ambiri a Cifalansa ndi a Cilatini. Liuli liyang'ana pa wothandizidwayo: kodi katundu wace wapepuka? Ngati wapepuka, wothandizayo ndi "helpful," angakhale anathandiza ali duu wosamwetulira. Ngakhale cinthu cosapuma cikhoza kuchedwa "helpful," monga mapu kapena langizo labwino. Mnzace wa liuli ndi "willing," loyang'ana pa mtima: munthu wosawiringula pomtuma. Koma zindikirani kuti mwana wa zaka 4 akhoza kukhala "willing" kusenza mtsuko, naugwetsa, nauswa. Mtima unalipo, thandizo panalibe. Cifukwa cace mukalemba za munthu kuti ndi "willing" osaonjezapo kanthu, mwini nchito wocenjera adzafunsa mumtima mwace, Nanga nchitoyo aidziwa kodi?

Tifike pa "obliging," liu limene tilikonda ife. Muzu wace wa Cilatini ndiwo kumanga, monga timanga mtolo ndi luzi. Poyamba tinazizwa: kumanga kugwirizana bwanji ndi kukoma mtima? Koma akuru athu anayankha kale pamene anati, Kupatsa nkuika. Ndiponso, Mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Amene wakucitira cokoma wakumanga ndi cingwe cosaoneka, ndipo Mngelezi poyamika ati "much obliged," ndiko kunena kuti, Mwandimanga ndithu. Tsono munthu wa "obliging" ndiye wosabvuta kumpempha. Mukafuna kubwereka khasu, kapena kuti akutengereni kalata ku positi, abvomera ndi nkhope yowala, ndipo inu simucita manyazi kuti munapempha. Ili ndi liu lotama, loyenera m'kalata ya umboni. Cenjerani pokha kuti musalisokoneze ndi "obliged to," pakuti amene ali "obliged to" kucita kanthu acita mokakamizidwa, wosati mwa kufuna kwace.

"Accommodating" liri pafupi, koma si limodzi. Ndi mbale wace wa "accommodation," malo ogona, ndipo muzu wace ndiwo kukonza cinthu kuti ciyenerane ndi cinzace. Wa "obliging" akucitirani kanthu. Wa "accommodating" asuntha zace kuti zanu zilowe. Ndiye mai wosendeza ana ace pamphasa kuti mlendo agone, kapena wa sitolo wolola kuti mulipire pakutha pa mwezi. Nalonso litama, koma Angelezi akaika "too" patsogolo pace, ndiye kuti munthuyo wasendera kufikira wagwa pamphasa yace yomwe.

Apa njira iyamba kuterera. "Compliant" ndiye womvera lamulo kapena cifuniro ca wina wosatsutsa. Mulibe cikondi m'liuli, mulibenso udani. Linena za kugonja kokha. "Complaisant," locokera ku Cifalansa, ndiye wofuna kukondweretsa, wobvomera ciri conse kuti pasakhale mkangano. Kale linali liu la ulemu wa anthu oleredwa bwino, koma lero alemba kawirikawiri za munthu wotsinzina dala pa zimene anayenera kuzikana. Liri ndi mbale wace wofanana naye nkhope, "complacent," ndipo pochula mauwa asiyana pang'ono pokha, kotero kuti ngakhale Angelezi eni ace awasokoneza. Onse awiri aphuka pa muzu umodzi wa kukondweretsa. Koma wa "complaisant" akondweretsa ena, ndipo wa "complacent" akondwera ndi iye mwini, nakhala pansi ndi kuyesa kuti zonse ziri bwino pamene denga liri kudontha. Awa awiri musawaike m'kalata ya munthu amene mumfunira zabwino.

Tsopano tafika pa mau onyoza. Wamkuru wao ndiye "obsequious." Muzu wace ndiwo kutsata, ndipo Angelezi akale analichula potama wanchito womvera. Lero linena za munthu woweramira akuru kopitirira muyeso, woseka nthabwala ya bwana isanathe, wothamangira kumlandira cipewa pamene nkhalamba yosenza nkhuni aipitirira osaiona. Mungamdziwe ndi ici: thandizo lace likwera kumtunda kokha, silitsika kunsi. "Servile" licokera ku liu la Cilatini la kapolo, ndipo linena za munthu mfulu wodzicepetsa ngati kapolo, wopanda ulemu wa iye mwini. "Fawning" anayamba kulinena za garu wogwedeza mcira ndi kukwawa pa mapazi a mbuye wace. Kwa garu nkwabwino, kwa munthu ncamanyazi. "Ingratiating" ndiye wodzilowetsa pang'ono pang'ono m'cisomo ca wina ndi mau okoma, monga tinena kwathu kuti wosyasyalika. Ndipo dzina la munthu wotere ndilo "sycophant," liu la Cihelene. Ku Athens linali dzina la woneneza anzace ku bwalo la milandu, ndipo polowa m'Cingelezi linanenanso za kazitape lisanasanduke la wosyasyalika. Sitizizwa nazo, pakuti taona kawiri kawiri kuti wokometsa mau pamaso pa mfumu ndi yemweyo wonong'oneza mfumu za anzace.

Wina adzafunsa, Cifukwa ninji mau abwino monga "officious" ndi "obsequious" anaola cotere? Tisapite kutari, tiri naco citsanzo m'cinenero cathu. Kuthangata ndiko kuthandizana, monga anansi asonkhana kulimira mnzao munda. Koma pa minda yaikuru ya Azungu ku mapiri a Shire, anthu okhala pa malowo anawagwiritsa nchito m'malo mwa kulipira lendi, naicha nchitoyo thangata. Anthu anadana nayo kwambiri; inali imodzi ya madandaulo amene anautsa John Chilembwe m'caka ca 1915, ndipo lamulo linaithetsa m'caka ca 1962. Kufikira lero, munthu akati, Iyi ndi thangata, sanena za cikondi ca anansi ai. Ife tiyesa kuti mau a Cingelezi aja anayenda njira yofanana: pamene dzina la thandizo lichulidwa nthawi yaitali pa thandizo lokakamiza kapena la ciphamaso, dzinalo litenga pfungo la cinthuco.

Cotero posankha liu, funsani mafunso awiri. Loyamba: apindula ndani? Ngati ndi wothandizidwayo, muli pa "helpful," "obliging" ndi "accommodating." Ngati wothandizayo ali kudzifunira malo, mwatsikira kwa "obsequious" ndi abale ace. Laciwiri: kodi thandizolo analifuna? Apa ndipo "officious" aima payekha, pakuti iye sasyasyalika munthu ali yense. Kawiri kawiri ayesa ndi mtima woona kuti ali kucita bwino. Ndiye mlonda wa pa cipata wofunsa mapepala amene lamulo silifuna, kapena mlendo wa pa ukwati woyamba kugawa nyama asanampatse mpeni.

Kalata ija tinaibweza kwa mphunzitsi, ndipo tinakhala naye pansi madzulo amodzi. Tinafafaniza liu lija ndi kulemba kuti mnyamatayo ndi "helpful and obliging." Mphunzitsi anadandaula pang'ono kuti "helpful" ndi liu la ana a Standard 3, losayenera kalata yopita ku tauni, napempha kuti tiikepo lina lalitali. Tinatsegula pamodzi buku lomasulira mau, nawerenga yekha tanthauzo la "officious" kawiri, ndi cala cace pa mzere. Pamenepo anapempha pepala lina, nalembanso kalata yonse ndi dzanja lace.