Chamba ndi Ubongo wa Wachinyamata

Kwathu tikamva kuti wina chamba chamuzunguza mutu, timaganiza za munthu woyenda yekhayekha pamsika, akulankhula ndi anthu osaoneka. Koma pali vuto lina lomwe limabwera mwakachetechete patapita zaka, ndipo likamayamba ambiri amaliona ngati kuchangamuka.

Mu mzinda wa Coventry ku England muli yunivesite ya Warwick. Mu 2017 akatswiri a kumeneko, motsogozedwa ndi Dr Steven Marwaha, dokotala wa matenda a maganizo, anatulutsa zomwe anapeza pa nkhani ya chamba. Anafufuza mbiri ya achinyamata 3,370 obadwira m'dera la Bristol mu 1991 ndi 1992. Anawa akhala akutsatiridwa kuyambira ali m'mimba mwa amayi awo. Ali ndi zaka 17 anafunsidwa ngati amasuta chamba, ndiponso kangati. Atafika zaka 22 kapena 23 anafunsidwanso za mmene maganizo awo akhala akuyendera.

Amene ankasuta kawiri kapena katatu pa sabata, kapena kuposa apo, ndi omwe anapezeka kwambiri ndi chizindikiro china cha matenda otchedwa bipolar. Chiopsezo chawo chinali choposa kawiri cha anzawo. Osuta mwa apo ndi apo analinso pa chiopsezo, koma chocheperako.

Kodi bipolar ndi matenda otani? Wodwala amakhala ndi nyengo ziwiri zosinthana. Nyengo ina mtima umakwera, nyengo ina umagwa. Akatswiri a ku Coventry ankayang'ana nyengo yokwera ikakhala yocheperako, yomwe madokotala amaitcha hypomania. Taganizirani mnyamata wogona maola 3 okha koma osamva kutopa. Tambala asanalire wayamba kale kufotokoza za geni zomwe akufuna kutsegula, mawu akuchita kuthamangitsana, osapatsa mnzake mpata. Malipiro a mwezi wonse atha Loweruka lisanafike. Amayi ake akuti, "Mwana wanga wayamba kuganiza zachitukuko." Zikatha masiku 4 kapena kuposerapo, dokotala amayamba kukayikira. Kenaka imadza nyengo inayo. Mnyamata yemwe uja sakufuna kudzuka, nsima yangouma m'mbale, ndipo ena amafika poganiza zodzipha.

Nanga chamba chimalowamo bwanji? M'chamba muli mankhwala otchedwa THC, omwe ndi amene amaledzeretsa. Utsi ukafika m'mapapo, THC amalowa m'magazi n'kufika ku ubongo mosachedwa. Thupi lathu limapanga lokha timankhwala tofanana naye pang'ono, tothandiza kuwongolera tulo, njala ndi mmene mtima ukumvera. Timeneti timatuluka pang'ono, pa nthawi yake. THC amabwera wochuluka n'kulanda malo a timankhwalati, ndipo amasokoneza mauthenga a chisangalalo mu ubongo.

Kwa munthu wamkulu zimenezi n'zoipa kale, koma kwa wazaka 15 kapena 17 n'zoopsa kwambiri chifukwa ubongo wake sunakhwime. Mbali yakutsogolo, yomwe imatiuza kuti "taima kaye, uganize", imamaliza kukula munthu akamayandikira zaka 25. Pa msinkhu umenewu ubongo umachita zomwe mlimi amachita popatulira chimanga: umachotsa timinyewa tosafunika kuti totsalato tilimbe. Timankhwala tija ndi ena mwa otsogolera ntchitoyi. Chamba chikalowerera, ntchito imasokonekera.

Tisanamizane, si aliyense wosuta amene amadwala bipolar, ndipo alipo odwala omwe sanagwirepo ndudu. Matendawa amayendanso m'magazi, kotero amene kwawo kuli wodwala ayenera kusamala koposa. Akatswiri aja anaganiziranso za mowa, mankhwala ena ozunguza bongo ndi kukhumudwa kwa kale. Atachotsera zonsezo, chamba chinaonekabe kuti chili ndi mbali yake. Anapezanso chinthu chomvetsa chisoni. Ena mwa ana omwe anachitidwa nkhanza zogonana ali aang'ono anadzayamba kusuta, ndipo chambacho chinawonjezera chiopsezo chawo. Ndiye mwana akagwidwa ndi fodya wamkuluyu, chikwapu chisathamange. Funsani kaye chomwe akuthawa.

Makolo omwe ali ku Coventry ndi Birmingham adziwenso kuti chamba chofala kumeneko, chomwe amachitcha skunk, chili ndi THC wambiri kuposa chomwe anthu ankasuta kale. Lamulo la kumeneko limalola khoti kugamula zaka mpaka 5 m'ndende kwa wopezeka nacho. Ku Malawi lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa omwe ali ndi chilolezo, koma kusuta n'koletsedwabe.

Bipolar ili ndi mankhwala, monga lithium, ndipo ambiri omwe amamwa mokhulupirika amagwira ntchito ndi kulera mabanja awo. Ku Coventry yambirani kwa dokotala wanu wa m'dera (GP) kapena imbani 111. Ku Malawi pitani kuchipatala cha boma chapafupi, komwe angakutumizeni ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ambiri amapita kwa dokotala pa nyengo yakugwa yokha. Mufotokozereninso za masiku osagona aja ndi za chamba, chifukwa mankhwala a kukhumudwa akaperekedwa okha kwa munthu wa bipolar angathe kudzutsa nyengo yokwera ija.