Chuku chouluka ndi mphepo: mafunso anu, mayankho athu

Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina wa ku Mchinji. Iwo akuti: "Mwana wanga amabanika ndi mphumu chaka chilichonse tikayamba kukolola, chonsecho nyumba yathu ndi youma, ilibe chuku. Chikumudwalitsa n'chiyani?"

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Chuku chimene chimavutitsa anthu ambiri gwero lake lili panja. Chimamera pa mapesi ndi makoko a chimanga, pa masangwi a mtedza, pa udzu wouma ndi pa masamba owola. Monga bowa, chimachulukana ndi timbewu tosaoneka ndi maso. Ta mtundu wa Aspergillus ndi tochepetsetsa moti timbewu 300 tondandalikidwa pamzere sitikwana milimita imodzi, n'chifukwa chake timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo. Mitundu ina iwiri, Alternaria ndi Cladosporium, imamwaza timbewu take kwambiri masana kukatentha, kukauma ndiponso kukamawomba mphepo, ndipo Alternaria amadziwika kuti amadzutsa mphumu yoopsa mwa ana amene thupi lawo limadana naye. Taganizirani tsono za pabwalo panu m'mwezi wa Juni. Chimanga chikupunthidwa m'thumba, wina akupeta ndi lichero, mwera ukuwomba, kafumbi kotuwa kakudutsa pakhonde pamene pakhala mwanayo. Ena anganene kuti vuto ndi kuzizira kapena fumbi wamba. N'zoona kuti ziwirizi zimaputanso mphumu, ndipo kuchipatala kokha n'kumene angatsimikize chenicheni. Koma kubanika kukamabwera tsiku lopuntha ndi kupeta, n'kuchepa ntchitoyo ikatha ngakhale kunja kukuzizirabe, chuku cha m'zokololazo chiyenera kukayikiridwa.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Thyolo. Akuti: "Ndinamva kuti timbewu ta chuku timauluka mpaka kuwoloka nyanja. Ngati zili choncho, kudzitchinjiriza si kungotaya nthawi?"

Bambo, zomwe munamvazo n'zoona. Kuyambira mu 1952, pamene Jim Hirst wa ku Rothamsted ku England anapanga makina okoka mpweya malita 10 pa mphindi n'kumata zonse zili mmenemo pa kagalasi, akatswiri amatha kuwerenga timbewuti ola ndi ola. Mpweya wotentha umatikweza m'mwamba, mphepo n'kutinyamula, mvula n'kudzatigwetsa kwina. Umboni woonekeratu ndi nthenda ya tirigu yoyambitsidwa ndi chuku, yotchedwa Ug99, yomwe inapezeka ku Uganda mu 1998, n'kufika ku Yemen, kutsidya kwa Nyanja Yofiira, mu 2006, kenako ku Iran mu 2007. Komabe pali kusiyana kwakukulu. Kuti munda wa tirigu ugwidwe, timbewu tamoyo towerengeka tikukwanira, pakuti timaswana pamasamba. Kuti munthu ayetsemule kapena abanike, chachikulu ndi kuchuluka kwa timbewu timene wapuma. Tambiri timagwa pafupi ndi pomwe tachokera, ndipo tomwe tapita kutali timakhala titamwazikana ngati utsi. Choncho nkhokwe yodontha kuseri kwa nyumba yanu, kapena matumba a chimanga chosauma bwino ounjikidwa m'chipinda chogona, ndi oopsa kwa inu kuposa munda wa kutsidya kwa nyanja. Mphepo sitingaiyimitse, koma gwero lapafupi lili m'manja mwathu.

Nazi zoyenera kuchita, mayi ndi bambo. Umitsani chimanga ndi mtedza mokwanira musanasunge, ndipo musagone chipinda chimodzi ndi matumba. Popuntha ndi popeta, onani komwe mphepo ikulowera kuti fumbi lisalunjike kunyumba, mutseke mazenera a mbali imeneyo, wogwira ntchitoyo avale chotchinga pakamwa ndi pamphuno. Mwana wa mphumu akhale patali, mankhwala ake opopera mkamwa akhale pafupi nthawi yonse yokolola. Kwa inu amene munachira chifuwa chachikulu, dziwani kuti Aspergillus amatha kumera m'timphako timene nthendayo imasiya m'mapapo. Mukamakhosomolabe, kuwonda kapena kulavula magazi mutamaliza mankhwala, pitani kuchipatala msanga, mukawafotokozerenso adokotala za ntchito ya zokolola imene mumagwira.